Batire Linalibe Mlandu

Mkazi wanga ankati pakhomo pathu panali mitala, ndipo mkazi wamng'ono anali batire la njinga yanga yamoto. Sindinkamutsutsa kwambiri, chifukwa umboni anali nawo. Madzulo aliwonse ndikaweruka kusukulu kumene ndinkaphunzitsa, kufupi ndi Nzama, ndinkamasula batirelo, kulipukuta, n'kulilowetsa kuchipinda, njinga yeniyeniyo n'kuisiya pabalaza. Linali ndi thabwa lakelake kuseri kwa kabati, poti ndinamva kuti batire likagona pasimenti mphamvu zimathawira pansi. M'miyezi ya chisanu, kwathu kumtunda kuno kukamazizira mpaka madzi a m'ndowa kuluma mano, ndinkalifunditsa juzi yakale. Juziyo anandilukira ndi mkazi wanga yemweyo tili pa chibwenzi, ndipo nkhani imeneyi mpaka lero sinathe.

Loweruka linali tsiku lake losamba. Ndinkatenga soda wa therere, kumusungunula m'madzi ofunda, n'kutsuka timitu tiwiri ta batire ndi mswachi wakale mpaka ufa woyera umene umamera pamenepo utatheratu. Kenako ndinkapaka vaselini, wa ana. Madzi othira m'batire ndinkachita kukinga a mvula ndi beseni la pulasitiki pakati pa bwalo, osati a padenga ayi, a padenga ali ndi dzimbiri la malata. Ndikatero ndinkalilumikiza ku sola, banja lonse n'kumadikira kuti likhute kaye ndiye mafoni atchajidwe. Ndinali mphunzitsi wa sayansi wa Sitandade 7, ndipo phunziro la mabatire ndinkaliphunzitsa chaka ndi chaka ndi mandimu ndi misomali. Munthu wondiuza za magetsi m'dera lonselo panalibe, kapena tinene kuti amene analipo ndinali nditawatseka pakamwa kalekale.

Koma njingayo inali ndi khalidwe limodzi loipa. M'mawa, kuzizire chotani, ndinkangokhudza batani la sitata n'kulira nthawi yomweyo. Ikayenda mtunda n'kutentha, ukangoizimitsa, basi yapita kutchuthi. Sitata inkazungulira, kiki unkaponda mpaka thukuta kulowa m'maso, injini osayankha. Unkayenera kuidikira pafupifupi ola lathunthu kuti izizire, ndipo ikazizira inkalira bwinobwino ngati sinakulakwire.

Ndinapita nayo kwa makaniko wina pa boma, bambo wa ovololo yoti mtundu wake woyamba sunkadziwikanso. Anamvetsera injini, anaizimitsa, anayesa kuiliza, anayeza batire ndi kachipangizo kake, n'kupukusa mutu.

"Aphunzitsi, batire lanuli ndi labwino kuposa langa. Vuto ndi matapeti, athina. Chitsulo chikatentha chimafufuma, ndiye mavavu satsekeka bwino, mpweya umathawa. Tiyeni tingoseta pompano."

Tangoganizani, munthu woti mwina Fomu 2 sanaione kundiuza ine kuti chitsulo chikatentha chimafufuma, phunziro limene ndinkalemba ndekha pabolodi. Zinandinyansa. Komanso ndinali nditamva kuti injini ikangotsegulidwa kamodzi sibwereranso mwakale, amakaniko amachotsamo zitsulo zabwino n'kuikamo zotha. Ndinamuuza kuti ndikaganiza kaye. Ndinatuluka pamenepo n'kukagula batire latsopano. Vuto silinasunthe, ndipo ndinagamula kuti mabatire a masiku ano ndi ofooka, ofunika chisamaliro chochulukirapo. Tsiku limene ndinadzavomera kuti atsegule, anamaliza ntchitoyo ine ndisanamalize kukukuta chimanga chootcha chimene ndinagula pafupi pomwepo. Koma tsiku limenelo linali likadali kutali.

Chimene ndinachita m'malo mwake ndi kuphunzira kubisa. Ulendo wongosiya uthenga sindinkazimitsa, moni ndinkapereka injini ikulira, phazi limodzi pansi. Kutchalitchi kunalibe vuto, Misa ndi yaitali ndipo zolengeza zimatalika kuposa Misayo. Pamene panafunika kuzimitsa, ndinasanduka munthu wokonda kucheza. Ndikapita kukasiya kalata kwa mkulu wa mphakati wathu, ndinkakhala pansi n'kumafunsa za ng'ombe, za mbewu ya mbatata ya kachewere, za mwendo wa agogo umene unatupa chaka chatha, diso likuba wotchi. Anthu ankandilandira bwino modabwitsa. Ndisanatsike n'komwe mpando wafika, thobwa lafika, wina wayambitsa nkhani yaitali ya malire a dimba. Ndinayamba kukhulupirira kuti ndine munthu wokoma kucheza naye, ndipo ndinkauza mkazi wanga kuti aziyamika Mulungu chifukwa cha mwamuna amene anapeza. Iye ankangoti, "Ndimayamika, bambo," akupitiriza kusenda mbatata zake.

Apongozi anga aakazi ankakhala kuseri kwa dimba lathu. Zaka khumi ndi zinayi ndili pamudzipo, ine ndi iwo tinali tisanalankhulanepo maso ndi maso. Ndiwo mwambo wake, mkamwini ndi apongozi amaopana. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira mbali ina n'kunjuta, ine mbali ina chipewa m'manja, moni tinkapatsa tchire. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga ine ndili pomwepo: "Uwauze abambo kuti mbuzi zawo zalowa m'nyemba." Mkazi wanga n'kutembenuka kundiuza zimene ndamva kale, ine n'kumuyankha zimene apongozi akumva okha. Achinyamata a masiku ano amaseka zimenezi, ena amadyera mbale imodzi ndi apongozi awo, koma ine ndinkazisunga ndipo ndinkanyada nazo. Pamudzi ponse ndikatchulidwa ankati, aphunzitsi aja ndiye aulemu. Kunena zoona, mawu amenewo ndinkawakonda kuposa malipiro.

Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, dzuwa litangokwera, ndili pakati potsuka timitu tija, foni inalira kwa apongozi. Anali alamu awo a ku Kasinje, kuchigwa, akazi a mlongo wawo. Mwa ana asanu ndi awiri a m'mimba imodzi, apongozi anatsala ndi mlongo mmodzi yekha, amalume a mkazi wanga. Anatsikira kuchigwa ali mnyamata, anakwatira komweko n'kumalima mpunga. Ndiwo anali ankhoswe pa ukwati wathu, ndipo ndiwo anandivomera pamene ena ankati mphunzitsi alibe ng'ombe. Chaka chilichonse iwo ankatumiza thumba la mpunga kumtunda, apongozi n'kubweza la kachewere, koma eni akewo anali atatha zaka zinayi osaonana, wina mawondo, wina chifuwa. Tsopano kuchipatala anali atawabweza kuti akapumire kunyumba, ndipo m'mawa umenewo anali atasiya kumeza ngakhale phala. Mawu awo anali amodzi okha: aitaneni achemwali anga ndiwaone.

Mkazi wanga anabwera akumanga chitenje chothamanga.

"Bambo, ndikaitane wa kabaza pamsika. Amayi anyamuke pompano, ine nditsatira ndikapeza wosiyira ana."

Mawu amenewo anandibaya. Pakhomo pali njinga, batire lodzaza, petulo ndinali nditasunga m'chigubu poti nthawi imeneyo mafuta ankasowa, ndiye apongozi anga akakwere njinga ya mwana wa eni ake wosadziwa n'komwe kuti buleki ili pati? Anthu akati chiyani?

"Ndiwaperekeza ndekha," ndinatero, ndikumanga batire m'malo mwake.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiyetu osaima panjira."

"Ndiime kuti nditani?"

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo la madzi akumwa.

Panali vuto la kakhalidwe. Mkamwini ndi apongozi pampando umodzi, matupi kukhudzana, sizinamvekepo. Anathetsa okha apongozi. Anatuluka ndi kathumba ka kachewere, amene alongo awo ankamukonda ndipo kuchigwa sachita bwino, n'kuuza mkazi wanga kuti akamangirire pakati. Iwo anakhala chammbali kuseri kwa thumbalo, dzanja litagwira kaliyala. Tinanyamuka chomwecho, ine kutsogolo, kachewere pakati, apongozi kumbuyo.

Tinatsika bwinobwino mpaka pa boma, tinadutsa mzere wa magalimoto odikira mafuta, tinalowa msewu wa ku Kandeu. Injini inkaimba. Sitinalankhulane, ndipo pagalasi ndinkangoona nsonga ya mpango wawo wa kumutu ikuuluka. Pabampu lililonse ndinkachepetsa liwiro mwaulemu n'kutsokomola pang'ono kuti adziwe kuti agwiritse. Titadutsa pa Kandeu mpweya unasintha, kutentha kwa kuchigwa kunayamba kutilandira, ndipo moto wa injini ndinkaumva m'miyendo kupyola thalauza. Ndinasiya msewu waukulu n'kulowa kanjira kachidule kodutsa m'midzi, kamene kankatulukira pafupi ndi kwa amalume. Ndinkafuna apongozi aone kuti mkamwini wawo njira amazidziwa.

Potsikira kukhwawa lina louma ndinaona masamba aawisi ataikidwa chopingasa njira. Panali maliro. Patsogolo pang'ono amuna anali atakhala m'mbali mwa njira pansi pa mitengo ya mango, amayi kuseri kwa mpanda akuimba motsitsa. Njira yathu inkadutsa pakati penipeni.

Aliyense wokulira kuno amadziwa chochita akaona masamba. Wa njinga yakapalasa amatsika n'kukankha. Wa chipewa amavula. Wa njinga yamoto, pamsewu waukulu amangochepetsa liwiro, koma m'kanjira ka m'mudzi, maliro ali pakhomo pomwepo, amazimitsa n'kukankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Ndinaonapo akabaza ena akudutsa injini ikulira pang'onopang'ono, dzanja pachifuwa kupepesa, anthu n'kung'ung'udza pang'ono n'kuiwala. Ndipo munthu wothamangira matenda akayakaya palibe amamuimba mlandu. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinkadziwanso bwino lomwe chimene chichitike ndikatembenuza kiyi.

Nthawi yoganiza ndinali nayo, ndipo ndinaganizadi. Ndikanatha kuima injini ikulira, kuvula chipewa, n'kuuza akuluakuluwo kuti pepani, tikuthamangira wodwala. Akanatikodola ndi manja kuti pitani. Koma kukankha njinga mapazi makumi asanu sikuchedwetsa munthu, ndipo apongozi akanadzifunsa kuti nanga mkamwini waulemu uja wakaniranji kuzimitsa. Yankho lake ndi limene ndinakhala ndikulibisa chaka chathunthu. Ndiye mumtima ndinati, batire ndi lodzaza, timitu ndatsuka m'mawa uno, lero ilira basi. Ndinatembenuza kiyi.

Tinatsika. Ndinavula chipewa n'kuchikoleka pachiwongolero. Ndinayamba kukankha, apongozi pambuyo akuyenda chowerama, akuwomba m'manja mofatsa. Ndinamva mkulu wina akuuza mnzake kuti, "Awa ndiye analeredwa." Ndisaname, zinandikoma. Ngakhale pamenepo, munthu akutidikira pa mphasa kuchigwa, zinandikoma.

Titadutsa masamba achiwiri ndinapitirirabe pang'ono kuti phokoso lisasokoneze nyimbo, mpaka pansi pa khwawa, pamchenga. Tinakwera. Ndinakhudza batani. Sitata inazungulira mwamphamvu, batire langa losambitsidwa likugwira ntchito yake mosanyinyirika, koma injini zii. Ndinayesanso. Ndinaponda kiki kakhumi, kakhumi kenanso, mpaka phazi linaterereka, chitsulo n'kundipala pamsongolo magazi kutuluka. Apongozi anatsika okha osauzidwa n'kukaima pamthunzi wa msangu.

Ndiye ndinachita chimene ndinkachidziwa. Ndinatsegula chivundikiro cha m'mbali, ndinamasula timitu ta batire, ndinatipala ndi kiyi, ndinamanganso. Timitu tinali tonyezimira ngati masupuni a alendo. Ndinamasulanso n'kupalabe.

Ndili chogwada choncho kunatulukira wa kabaza, bambo wa imvi zake, akukankha njinga yake kuchokera pamaliro paja monga tinachitira ife. Kumbuyo kwake kunalibe munthu. Atafika pa ife anaponda kiki kamodzi, njinga yake n'kulira, n'kutiyang'ana.

"Zavuta, akulu? Ine ndikulowera cha ku Kasinje. Ngati n'komweko, amayiwa ndikhoza kutsogola nawo."

Mphindi imeneyi ndakhala ndikuibwereza m'mutu kwa zaka, ndipo nthawi zonse ndimayankha bwino. Koma tsiku limenelo ndinati, "Ayi, zikomo. Kawaya kangomasuka, ilira pompano."

Wa kabazayo anayang'ana apongozi. Apongozi anayang'ana pansi. Mayi wamkulu sangatsutse mkamwini wake pamaso pa mlendo, ndipo sangasiye njinga ya mkamwini n'kukwera ya munthu wina mwini wakeyo asananene. Bambo uja anati, "Chabwino, mutipeza," n'kukwera chitunda. Fumbi lake linatenga nthawi kuti likhazikike.

Foni ya apongozi inalira m'kansalu kamene anamanga m'chiuno. Mawu a alamu awo ankamveka mpaka pamene ndinagwada.

"Muli pati kodi? Akufunsatu."

"Tadutsa pa Kandeu. Muwauze andidikire, ndili pafupi."

Anatseka foni. Kenaka anamanga chitenje mwamphamvu, anabwera kumbuyo kwa njinga n'kugwira kaliyala ndi manja awiri. Panalibe mkazi wanga woti amuuze, panalibe mwana woti amutume. Ndiye analankhula ndi njingayo.

"Iwe njinga, auze abambo akwere, aike giya. Ine ndikankha."

Ndinakwera. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, amene ndinali ndisanawamvepo akupuma mokweza, anandikankha pamchenga, ine mwamuna wathunthu nditakhala pampando pamodzi ndi thumba la kachewere. Mapatapata awo ankatsalira mumchenga. Ndikasiya kilatchi tayala lakumbuyo linkangokhwekhwereza, injini kutsokomola kamodzi n'kukhala chete. Kutsogolo chitunda, kumbuyo chitunda. Amuna a pamaliro paja anali pafupi, akanatha kutikankhira mpaka pamwamba, koma kubwerera kwa anthu amene angonditamanda kumene kukapempha thandizo, miyendo inakana. Tinayesa katatu. Kachitatu apongozi anagwa chogwada, ndipo ine, poti mwambo sulola, sindinawagwire dzanja kuwadzutsa. Ndinaima pambali n'kumati pepani, pepani, ndikuuza mtengo wa msangu.

Anadzuka okha, anasasa mchenga m'mawondo, anakakhala pamuzu. Anapuma kaye mpaka befu atatha. Kenaka anayambanso kulankhula ndi njinga, mawu ali pansipansi, opanda ukali.

"Iwe njinga, matenda ako tonse timawadziwa. Ukatentha sudzuka. Ana a sukulu amadziwa, amayi a kumphakati amadziwa, mwana wanga amadziwa. Abambo akafika pakhomo pa munthu timauzana kuti apatseni mpando, atulutsireni thobwa, njinga yawo izizire, asachite manyazi. Pamasamba paja ndimati ndinene kuti asakuzimitse. Pakamwa ndidatsegula ndithu. Koma ndikadayamba bwanji? Ndi abambo aulemu."

Paja sankalankhula ndi ine. Ndinakankhira njinga pamthunzi, ndinatola katoni yakale m'khwawamo n'kuyamba kukupiza injini ngati mbaula. Apongozi anatenga botolo la madzi lija n'kuliika pamchenga pakati pathu, n'kuuza njinga kuti mwina ili ndi ludzu. Ndinathira pang'onopang'ono, nthunzi inafuka, madzi anatha, chitsulo chinali chikadali chosagwirika. Panalibenso china. Ndinakhala pansi mbali ina ya njinga, iwo mbali inayo, tikudikira chitsulo kuti chizizire pa dzuwa la Okutobala.

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndipo anabwera pamodzi ndi ukali. Ndinakwiyira mudzi wonse ndi thobwa lawo. Chaka chathunthu anthu kundisunga ngati dzira, kundiseketsa, kumvetsera nkhani zanga zozizira, osapezeka ndi mmodzi yemwe wonditsina khutu. Ndinakwiyira mkazi wanga ndi "osaima panjira" wake, bwanji sananene mawu onse? Kenaka ndinakumbukira kuti wonditsina khutu analipo, wa ovololo uja, ndipo ndinamuyankha kuti ndikaganiza kaye. Ndinakumbukiranso mmene ndinkamuyankhira mkazi wanga akangoyamba nkhani ya njinga. Ukali unatha, manyazi anatsala okha.

Ndinatchera khutu kuti mwina kumveka njinga ina. Nthawi imeneyo ndikanaiimitsa nditagwada pakati pa njira. Koma mafuta ankasowa, ndipo kanjira kanga kachidule kanali kachiduledi chifukwa sikankadutsa anthu. Zimene zinkamveka ndi nyimbo za pamaliro paja ndi nyenje za mumsangu. Foni inaliranso. Apongozi anamvetsera, n'kungoti, "Eya. Eya. Tikubwera." Anaibweza m'kansalu, ndipo sinalirenso.

Itakwana nthawi imene ndinkaidziwa bwino, ndinaika dzanja pa injini n'kupeza yangofunda. Ndinakhudza batani kamodzi. Inalira mokoma, ngati m'mawa. Apongozi anakwera kuseri kwa thumba lawo. Ndinathamanga liwiro limene sindinathamangepo, mabampu osawaona, kutsokomola kwaulemu kuja osakukumbukanso. Kuchokera pakhwawapo kukafika kwa amalume sitinathe ngakhale mphindi makumi awiri.

Tinadutsa m'mbali mwa minda ya mpunga wothirira ili biriwiri. Tikukhota kulowa pakhomo ndinaona amuna awiri akutulutsa tebulo m'nyumba, wina atasenza mipando, akukaunjika pansi pa mtengo. Panalibe wolira, kulira kumadikira kuti akuluakulu a mudzi auzidwe kaye. Koma nyumba ikamatulutsidwa katundu masana choncho, munthu safunsa. Apongozi anatsetsereka pampando njinga isanaime, n'kulowa m'nyumba ndi phazi limodzi lopanda patapata.

Ndinazimitsa injini. Ndinamasula thumba la kachewere n'kuima nalo pabwalo, osadziwa womupatsa. Mwana wamkulu wa amalume, mayi wa ana akeake, anabwera kudzandilandira.

"Mwayesetsa, alamu. Angotisiya kumene, thupi likadali lofunda. Chiyambire m'mawa njinga iliyonse ikamveka panjirapa amadzutsa mutu, amvekere, si iwo amenewo? Yomaliza itadutsa osaima adatembenukira kukhoma."

Sindinafunse kuti yomalizayo inadutsa nthawi yanji, kapena ngati woyendetsa wake anali wa imvi.

Mkazi wanga anafika Lamulungu ndi abale ena a kumtunda pa lole. Anandipeza kuseri kwa nkhokwe ndikuwaza nkhuni, ntchito imene ndinaipempha ndekha kuti ndisakhale pagulu. Anandifunsa funso limodzi lokha.

"Munaima?"

Ndinati eya. Anayang'ana bala la pamsongolo langa, n'kupita kukakhala ndi amayi ake m'nyumba ya siwa.

Masiku awiri amenewo ndinadikira kuti nkhani ituluke. Pamaliro nkhani sizichedwa kumera miyendo, ndipo ndinkafuna ituluke, kuti wina andilalatire pagulu ndipume. Ndikaona amayi awiri akunong'onezana poyang'ana kwa ine ndinkati yafika. Koma aliyense wondipeza ankandipatsa moni ndi manja awiri, ndipo pa chakudya anandiitanira pa mkeka wa akuluakulu.

Lolemba, tisananyamuke kupita kumanda, woimira banja anaimirira kuthokoza anthu. Anathokoza a mpingo, adzukulu okumba manda, amayi ophika, a kumtunda amene anabwera ndi ufa ndi kabichi. Kenaka anayang'ana kumene ndinakhala.

"Pomaliza tithokoze mkamwini wathu wa kumtunda, aphunzitsi ali apowa. Atangomva uthenga sadatume munthu ayi, adanyamula apongozi awo okha pa njinga yawo. Ndipo amayi atiuza kuti panjira adapeza maliro a eni ake, anthu osawadziwa n'komwe. Ndi changu chonse chimene adali nacho, bambowa adazimitsa njinga, adavula chipewa, adakankha. Anyamata muli panonu, mwamva? Ulemu ndi umenewo. Zoti sadawapeze amoyo, zimenezo ndi za Mulungu."

Anthu anavomera ndi mitu, amayi ena anawomba m'manja mofatsa. Nkhaniyo anaipereka ndi apongozi, ndipo anaidulira pamasamba achiwiri. Ndinayang'ana kumene kunakhala amayi. Apongozi anali pafupi ndi bokosi, dzanja lili pa chivundikiro chake, milomo ikuyenda, akuuza mlongo wawo zimene anabwera kudzamuuza.

Ndinawerama mpaka chipumi kufika m'mawondo. Mkulu amene anakhala pafupi nane anandisisita pamsana, n'kutembenukira kwa mnzake.

"Mwaona? N'kutamandidwa komwe sakufuna."